Yankho pa funso la ulendo wa ku Antelope Canyon

Achemwali, mwafunsa ngati inu ndi mayi anu mungathe kungonyamuka pa galimoto kuchokera ku Las Vegas mu Ogasiti n'kukalowa nokha mu Antelope Canyon, komanso mbali imene ingawayenere munthu wachikulire. Kulowa nokha n'kosatheka. Malowa, omwe ndi chigwa chakuya komanso chopapatiza pakati pa miyala, ali m'dziko la anthu a mtundu wa Navajo, amene amadzitchula okha kuti Diné, pafupi ndi tauni ya Page kumpoto kwa Arizona, ndipo kuyambira m'chaka cha 1997 aliyense amalowa motsogoleredwa ndi munthu wa kampani yovomerezedwa ndi boma lawo. Chiphaso cholowera m'malo osungirako zachilengedwe a boma la America sichigwira ntchito kumeneko, ndipo pa mtengo wa ulendo pamakhalanso ndalama ya chilolezo cha eni nthaka. Sungitsani malo pa intaneti kudakali milungu ingapo, chifukwa nthawi ya masana imadzaza msanga.

Chigwachi chili pawiri. Cha kumtunda, chimene m'chinenero chawo dzina lake limatanthauza malo amene madzi amadutsa pakati pa miyala, n'chotakasuka pansi koma chopapatiza pamwamba, ndipo munthu amayenda pamchenga wosalala. Kumeneku ndi kumene kumaoneka kuwala kwa dzuwa kotsika ngati mzati, kumene mwina munakuona pa zithunzi, koma kumaoneka cha m'ma 11 koloko mpaka 1 koloko masana, kuyambira kumapeto kwa Malichi kufikira kumayambiriro kwa Okutobala. Cha kumunsi n'chopanikiza pansi, mwakuti pena phazi limodzi lokha ndi limene limakwana, ndipo polowa mumatsika makwerero achitsulo otsetsereka kwambiri. Ine ndinakonda cha kumunsicho, koma mayi amene mawondo amawavuta sindingawatengereko. Ngakhale cha kumtundacho, funsitsani musanalipire, popeza masiku ano alendo satulukira kumene analowera ayi: amatulukira kuseri n'kukwera masitepe, kenako n'kuyenda padzuwa kubwerera kumene kuli magalimoto.

Chimene ndikufuna muchimvetsetse kwambiri ndi mwezi umene mwasankhawo. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala ndi nyengo ya mvula yamabingu m'chipululu chimenechi, ndipo makoma okongola aja anasemedwa ndi madzi osefukira omwewo. Pa 12 Ogasiti 1997, alendo 11 anafa m'chigwa cha kumunsi atakokoloka ndi madzi. Pamalopo mvula sinagwe yoti n'kuopsa munthu, koma inagwa yamphamvu makilomita pafupifupi 11 kumtunda, ndipo madziwo anasonkhana n'kulowa mumpata wopapatizawo pamodzi ndi matope ndi miyala. Munthu ukakhala pansipo umangoona kachingwe ka thambo pamwamba pako, ndipo sungadziwe zimene zikuchitika kutali. Choncho akakuuzani kuti ulendo waimitsidwa pamene kunja kukuwala bwinobwino, musakangane nawo, ndipo n'chifukwa chake ndikulangiza kuti mugone ku Page masiku awiri, kuti tsiku loyamba likalephereka mukhale ndi lina. Kupita ndi kubwera tsiku limodzi n'kuwazunza mayi, pakuti kuchokera ku Las Vegas ndi ulendo wa maola anayi ndi theka kapena asanu.

Nkhani ya nthawi yasokoneza anthu ambiri, ndipo ine ndemwe ndinatsala pang'ono kusokonezeka nayo. Arizona sasintha mawotchi m'nyengo yotentha, pamene dziko la Navajo ndi Utah, chigawo choyandikana ndi Arizona, amasintha, motero foni yanga inkangodumphadumpha ndi ola limodzi malingana ndi kumene yakoka netiweki. Makampani otsogolera alendo amatsatira nthawi ya ku Page, yomwe mu Ogasiti imafanana ndi ya ku Las Vegas, ndiye ingoikani nokha nthawi ya Phoenix, likulu la Arizona, pa foni ndipo mufike msanga monga alembera pa tikiti yanu.

Zikwama ndi miyendo yoimikapo kamera saloleza, koma botolo la madzi nyamulani m'manja, pakuti kunja kumatha kutentha kupitirira madigiri 35. Valani nsapato zotseka ndi chipewa, ndipo mayi amange mpango kumutu. Mphepo ikamaomba pamwamba, mchenga wofiira umathothoka ngati ufa wosefedwa n'kukulowani m'tsitsi, m'makutu ndi m'kolala, moti ine ndinali ndikuukutumulabe m'nsapato patapita sabata. Wotitsogolera, amene anali mnyamata wa komweko, ankatenga foni ya aliyense, n'kuisintha pang'ono, n'kuloza m'mwamba pamene ife sitikanaganiza kuyang'ana, ndipo zithunzi zabwino zimene ndili nazo anajambula ndi iyeyo. Konzani kangachepe komuthokoza pomaliza.

Kumbukiraninso kuti kwa eni ake malowa ndi opatulika, choncho musalembe pamakoma, musatole mwala kapena mchenga, musajambule munthu musanamupemphe, ndipo mowa ngoletsedwa m'dziko la Navajo. Mukapeza kuti malo adzaza, yesani Canyon X, imene ili m'chigwa chomwecho ndipo kumakhala anthu ochepa, ngakhale kuti nakonso kuli chitunda choti mufunse kaye ngati mayi angachithe.