Za mchimwene wanu wofuna akasinja ku British Army uja

Achemwali, ndaona funso lanu loti mchimwene wanu wapambana mayeso olowera British Army ndipo akukakamira kuti akufuna gulu la akasinja, pamene inu mukufuna atenge ntchito ya manja poti anaphunzira kale za umakaniko kumudzi. Ine ndikuti musakangane, zinthu ziwirizi zimapezeka malo amodzi, ndipo ngati mukufuna maganizo anga osapita m'mbali, asankhe REME, gulu la amakaniko a asilikali, kenako akapemphe kuti amutumize ku armoured brigade. Akasinja azidzawagwira ndi manja tsiku ndi tsiku koma akudzatuluka ali ndi pepala.

Anyamata ambiri akamva armoured brigade amaganiza kuti ndi akasinja okhaokha atandandalika mzere kumaomba, ayi ndithu. Brigade imodzi imakhala ndi anthu masauzande angapo pansi pa brigadier, ndipo a mu akasinja enieniwo ndi ochepa. Muli asilikali apansi oyenda mu magalimoto achitsulo otchedwa Warrior, amene amanyamula oyendetsa 3 ndi asilikali 7 kumbuyo, muli a mizinga ikuluikulu, muli ma injiniya oyala milatho ndi kuchotsa mabomba okwirira, a zamauthenga, achipatala, onyamula mafuta ndi zipolopolo, ndiye amakanikowo. Kasinja payekha ndi wakhungu pang'ono, munthu wobisala mu dzenje ndi roketi akhoza kumumaliza, nchifukwa chake sayenda opanda apansi omuteteza, ndipo apansiwo nawo amadalira iye kuti aboole pamene paumitsa. Ntchito ya brigade yonse ndi imeneyo, kuboola mzere wa adani mwachangu ndikupitirira asanakonzekenso.

Pakali pano Britain ili ndi ma armoured brigade awiri, 12th ndi 20th, onse ali pansi pa 3rd Division, ndipo amakhala cha ku Salisbury Plain, ku Bulford ndi Tidworth. Kasinja wawo ndi Challenger 2, wolemera matani opitirira 60, mfuti yake ya 120mm, mkati mumakhala anthu 4, komanda, woombera, wolongeza zipolopolo ndi dalaivala. Tsono taganizani chinthu cholemera chonchi chikathyoka unyolo wa ku mateyala kapena injini ikazima mu matope a ku Salisbury mvula ili mkati, palibe zoti tiyeni tikankhe ngati minibasi ya ku Ndirande, amabwera a REME ndi chigalimoto chawo chokokera nkuzula injini yonse ndi kuikapo ina pompo. Ndipo ngakhale a mu kasinjawo nthawi yawo yambiri imathera pa sipanala ndi girisi, kuomba kwenikweni ndi masiku owerengeka pa chaka.

Ngati mnyamatayo amakonda mbiri mumuuze afufuze za 7th Armoured Brigade, aja amatchedwa Desert Rats. Gulu lawo linayambira ku Egypt mu 1938, wowaphunzitsa anali Percy Hobart, chizindikiro chawo nkukhala kanyama kodumpha ka m'chipululu kotchedwa jerboa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu February 1941 anadutsa chipululu cha Libya mothamanga nkukatsekera njira asilikali a Italy ku Beda Fomm, anthu ochepa kugwira akaidi masauzande, koma November chaka chomwecho ku Sidi Rezegh ma German otsogozedwa ndi General Rommel anawakwapula zedi, akasinja ambiri anapsa. Kuchoka apo anawatumiza ku Burma kumayambiriro kwa 1942 ndi timaakasinja tating'ono ta Stuart, ntchito yawo inali kutchinga kumbuyo anzawo akuthawa ma Japan kuchokera ku Rangoon, ndipo atafika pa mtsinje wa Chindwin anawononga okha akasinja awo pafupifupi onse chifukwa panalibe njira yowaolotsera. Mtsinje womwewo ndi umene azigogo athu a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland anakafikako mu 1944 ali mu 11th East African Division, iwo pa wapansi. Nkhondo itatha brigade imeneyi inakhala zaka zambiri ku Germany, inamenya ku Gulf mu 1991 ndi Challenger 1, nkulowanso Basra ku Iraq mu 2003. Koma mu 2014 anailanda akasinja nkuisandutsa brigade ya apansi, dzina ndi chizindikiro cha jerboa chija zinatsala koma zitsulo zinapita.

Nkhani ya 2014 imeneyi ndiyo ikundipangitsa kunena kuti REME. Ngati gulu lotchuka chonchija analichotsera akasinja ndiye palibe wotetezeka, boma likasintha mapulani munthu amene unaphunzira kuombera mfuti ya kasinja basi umakayambiranso zina. Ngakhale panopa zinthu zili mkati mosintha, akukonza Challenger 3 koma okwana 148 okha, Warrior akuchoka kuti kubwere Boxer ya mateyala a mphira, galimoto ina yachitsulo yotchedwa Ajax yomwe amayembekezera inachedwa zaka ndi zaka chifukwa cha phokoso ndi kunjenjemera komwe kumadwalitsa asilikali mkati. Galimoto iliyonse ibwere, wokonza adzafunikabe. Ndiye akadzati basi ndatopa ndi yunifolomu, makaniko wa ma injini akuluakulu a dizilo savutika ntchito, kaya konkuno ku UK, kaya ku migodi ku Joni ndi ku Zambia, kaya kukatsegula galaja yake kumudzi.

Sindikunyoza a akasinja ayi. Ngati mtima wake uli pomwepo ndipo akakamizidwa azidzakudani, musiyeni alembe Royal Armoured Corps, maphunziro ake amachitikira ku Bovington ku Dorset ndipo zoombera ku Lulworth, pamene a REME amaphunzira ku Lyneham. Magulu ngati Royal Tank Regiment ndi Queen's Royal Hussars ali ku Tidworth komweko. Angodziwa kuti mkati mwa kasinja ndi mopanikizana, mumatentha, mumanunkha dizilo, ndipo anthu anayiwo amadya ndi kugona pamodzi masabata, munthu wosachedwa kupsa mtima sizimuyendera.

Za mantha anu oti kodi sakapita ku nkhondo, sindikunamizani, ntchitoyi ndi ya usilikali ndipo makaniko nayenso amanyamula mfuti, amapita komwe akasinja apita. Kuyambira 2017 magulu amenewa amasinthana kupita ku Tapa ku Estonia, kufupi ndi malire a Russia, kwa miyezi ingapo, kuzizira kwake si kwamasewera. Ndipo zomwe zikuchitika ku Ukraine, komwe Britain inapereka ma Challenger 2 okwana 14 mu 2023, zaonetsa kuti ma drone otchipa akuvutitsa akasinja kwambiri, zimenezi azidziwe asanasaine.

Asanapange chiganizo mutengane naye Loweruka lina mupite ku Tank Museum ku Bovington, sitima ya pamtunda mumatsikira pa Wool, akaone yekha zitsulozo pafupi kuyambira za mu 1916 mpaka Tiger 131 wa ma German amene amalirabe. Komanso afunse wa recruitment wake kuti pa ntchito zomwe zatsegukira a Commonwealth panopa, vehicle mechanic kapena recovery mechanic ilipo, chifukwa mipata imeneyi imatsegulidwa ndi kutsekedwa, ndipo mapepala ake a umakaniko aja awatenge ngakhale ali a kumudzi.