Mukafika kunyumba, mandasiwo amawaonadi?

Mdzukulu wanga wa ku Chilomoni wandifunsa kuti: "Agogo, mwana wanga wa zaka zinayi sapirira. Akaona mandasi mu Limbe amadzigwetsa pansi, anthu n'kumandiyang'ana. Ndikati adikire tikafike kunyumba, samva. Kodi ndizimukwapula?"

Kamtengoko kasiye kaye, mdzukulu wanga. Undiyankhe ichi: mukafika kunyumbako, mandasiwo amawaonadi?

Pajatu timadziwana. Mayi akuthamangira minibasi, mwana wakakamira chitenje, basi "khala, ndikubweretsera switi." Madzulo mayi abwera chimanjamanja, za switi aiwala kalekale. Mwana ndiye saiwala. Inenso ndinkatero polera amayi ako, ndisakubisire, ndipo ndinkadabwa kuti bwanji sandikhulupirira.

Ku yunivesite ya Rochester, ku America, akatswiri anaziyesa zimenezi ndi kulengeza zotsatira mu 2012. Ana ena anawalonjeza makrayoni atsopano n'kuwabweretseradi. Ena anangowauza kuti pepani, zapezeka kuti palibe. Kenako mwana aliyense anamuikira switi wofewa uja wa marshmallow patsogolo, amvekere: ukapanda kudya mpaka ndibwere, ndikuwonjezera wina. Amene lonjezo lawo linakwaniritsidwa anadikira pafupifupi mphindi 12. Onamizidwa aja, mphindi 3 zokha, switi ali m'kamwa. Ine sindiwanena ana amenewo, nzeru anali nazo. Timati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwana amadekha pokhapokha ngati nkhonoyo inatulutsapo maso iye akuona.

Ndiye ngati ndalama palibe, muuze kuti palibe. "Lero tangotsala ndi ya minibasi, mandasi tigula Loweruka." Alira ndithu, ndipo anthu akuyang'ana ndithu. Ayang'ane. Loweruka likafika ugule, ngakhale limodzi lokha, ndipo umukumbutse kuti awa ndi aja ndinanena.

Pamene akulirapo, usangoti "khala chete." Mpatse mawu: "Wakhumudwa eti? Umafuna mandasi." Mwana amene ali ndi mawu onenera zimene zili mumtima sachedwa kusiya kudzigwetsa. Kudikirako umuthandizenso, chifukwa "posachedwa" kwa iye n'kopanda mutu. Muwerengere limodzi malo: tadutsa Chichiri, uku ndi ku Ginnery Corner, tikatsika m'tauni tikwera ina.

Ndipo zija zomuopseza kuti adokotala akubaya jekeseni ukapanda kutonthola, usiye. Tsiku lina adzatentha thupi usiku, ndipo udzafunika kulowa naye pageti pa chipatala asakukoka chitenje.