Agogo aja anali ndi baji, nanga wophedwayo anali ndani?

Mayi wina wandilembera imelo kuchokera ku Texas. Akuti kholo la amuna awo linali wothandizira sheriff (mkulu wa apolisi wa dera) cha m'ma 1880, linawombera munthu, ndipo banja lonse limati linkadziteteza. Akufunsa poyambira kufufuza.

Achemwali, imelo yanuyi yandisowetsa tulo. Malemu apongozi anga ku Arizona ankasunga chithunzi m'bokosi la nsapato: bambo wa ndevu zambiri, baji pachifuwa, m'mbali mwa chithunzicho mutadyeka. Ankachigwira ndi manja awiri, n'kumandiuza kuti agogo awowa anapha wakuba ng'ombe. Ine, mtengwa wochokera kutali, ndinalonjeza kuwapezera umboni. Patatha zaka ziwiri ndinaupezadi m'mapepala a khoti. Wophedwayo anali kamnyamata, ndipo chipolopolo chinalowera kumsana. Sindinawauze mpaka anatisiya, ndipo zimandiwawabe.

Kuyambira pamenepo sindikhulupirira nkhani ya mbali imodzi, ngakhale itasindikizidwa. Taonani za ku Tombstone, tawuni ya ku Arizona. Pa 26 Okutobala 1881, Virgil Earp, mkulu wa apolisi wa tawuniyo, abale ake Wyatt ndi Morgan, pamodzi ndi Doc Holliday, anawomberana ndi anyamata oweta ng'ombe pafupi ndi khola la akavalo lotchedwa O.K. Corral. Billy Clanton, Tom McLaury ndi Frank McLaury anafa. Tawuni imodzi, nyuzipepala ziwiri: Epitaph inaikira kumbuyo a Earp, Nugget inali mbali ya sheriff Johnny Behan, amene ankatsutsana nawo. Mboni zinatsutsana ngati Tom anali ndi mfuti kapena ayi. Woweruza Wells Spicer anamva maumboni pafupifupi mwezi wathunthu, n'kugamula kuti palibe chifukwa chozengera a Earp ndi Holliday mlandu wakupha.

Amene amandikhudza kwambiri ndi Will McLaury, loya, amene anachoka ku Fort Worth kudzathandiza oimba mlandu chifukwa abale ake awiri anali m'manda. Anthu amakumbukira Wyatt, Will amamuiwala. Ndikunena mosabisa: kufufuza kholo ndi cholinga chongolitsuka si kufufuza ayi. Amene anagwa pansi uja nayenso anali ndi amake.

Poyambira

Lemberani ofesi ya khoti m'dera limene imfayo inachitikira, mupemphe mapepala a coroner, mkulu wofufuza za imfa. Musataye mtima akati kulibe. A ku Tombstone olembedwa pamanja anapezeka mu 2010 m'chipinda chosungiramo katundu ku khoti la ku Bisbee, tawuni ina ya m'dera lomwelo. Kalembera wa anthu a ku America wa 1880 ali pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira makolo, koma wa 1890 pafupifupi yense anawonongeka ndi moto mu 1921. Nyuzipepala zakale ziwerengeni ulere pa tsamba la pa intaneti la Chronicling America, ndipo muyese kupeza ziwiri zosagwirizana.

Mukamalemba dzina la agogowo m'malo ofufuzira, lembaninso la wophedwayo. Ine ndinachedwa kutero, ndipo pepala limene linandiuza zoona linali pa dzina la kamnyamata kaja.