Kagalu kaubweya ndi dzuwa la Okutobala: lumo likhale patali

Mayi wina wa ku Blantyre wandilembera imelo. Achemwali awo anawabweretsera kagalu ka mtundu wa Pomeranian kuchokera ku Johannesburg, ndipo pano kali ndi miyezi 7. Kunja kwatentha, kagaluko kakungopuma wefuwefu, anzawo akuti akamete mpala, pomwe bambo a kunyumba akuti kazigona panja ngati agalu ena onse. Akufunsa kuti atani.

Mayi, lumolo libwezeni m'kabati. Pomeranian ali ndi ubweya wosanjikizana pawiri: wapansi wofewa ngati thonje, ndi wapamwamba wautali umene umatchinga khungu kuti lisapse ndi dzuwa. Mukameta zonse, khungu limatsala pamtetete, ndipo kwa agalu ena ubweya umadzamera mwa apo ndi apo, osabwereranso mwakale. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Amadziziziritsa popuma atatulutsa lilime. Choncho chimene kakufuna ndi mthunzi, madzi ozizira tsiku lonse, ndi simenti ya m'nyumba yoti kazigonapo. Muzikapesa katatu pa sabata, chipeso chizifika pakhungu, makamaka kuseri kwa makutu ndi m'khwapa momwe ubweya umapotana. Kokayenda muzipita nako m'mamawa kapena dzuwa litapepa. Koma kakayamba kudzandira, kusanza kapena kuchucha dovu, kathireni madzi ozizira (osati oundana) n'kuthamangira kwa dokotala wa ziweto.

Nkhani yogona panja ndiyo yandikhudza kwambiri. Dzina la galuyu likuchokera ku Pomerania, dera la m'mphepete mwa nyanja ya Baltic pakati pa Germany ndi Poland. Makolo ake anali okulirapo, koma anthu anayamba kukonda ting'onoting'ono Mfumukazi Victoria ya ku Britain itatenga kena ku Florence, m'dziko la Italy, mu 1888. Lero ambiri amalemera makilogalamu 2 kapena 3 basi. Kanthu kotere galu wamkulu akhoza kukapha pokaluma kamodzi, ndipo wakuba amangokapisa m'jekete. Bambowo auzeni kuti kuuwa kadzauwa ndithu, mwina kuposa momwe akufunira, koma kauwire m'nyumba. Mvula ikayamba, dothi lonyowa limadzetsa ntchentche zija zoikira mazira m'dothi, omwe amasanduka mphutsi zolowa pakhungu, ndipo mu ubweya wotere mumaziona mochedwa. Nkhupakupa nazonso zimabisalamo.

Pali china chimene simunafunse. Chingwe musakamange m'khosi, chifukwa kholingo la agalu amenewa ndi lofooka ndipo limatha kuphwafuka, galu n'kumatsokomola ngati tsekwe. Gulani chomangira pachifuwa. Anyezi, mphesa ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu, ndiye ndiwo zotsala za m'mbale mwanu musakapatse. Onaninso khadi lomwe kanabwera nalo ngati katemera wa chiwewe ndi wa parvo (matenda oopsa otsegula m'mimba a agalu) analembedwapo. Ngati khadilo palibe, pitani nako kwa dokotala sabata yomwe ino, ndipo akaonenso mano, poti agalu ang'onoang'ono mano aubwana amachedwa kuguluka.