Kodi phala la kusukulu limathandizadi mwana kukhoza?

Mayi wina wa mukomiti ya sukulu wandilembera imelo, akuti azibambo ena pamsonkhano akumanena kuti ana amangobwerera phala basi, akamwa athawa, ndiye akufunsa ngati phalali lili ndi phindu pamaphunziro kapena azimayi akungodzivutitsa ndi nkhuni m'bandakucha.

Mayi, phindu lilipo ndithu, musafooke. Mwana woti wagona ndi njala, wadzuka n'kuyenda mtunda wonse uja, ikamati 9 koloko amakhala akungosinza, aphunzitsi ali pa bolodi ndi masamu iye akumvera m'mimba mukulira, angagwirepo chani pamenepo? Ndipo Likuni Phala si mgaiwa wamba ayi, muli chimanga ndi soya komanso amathiramo mavitamini ndi ayironi, paja mwana wochepa magazi amatopa msanga mutu osagwira. A bungwe la Mary's Meals, lomwe limapereka phala m'masukulu, anayamba konkuno mu 2002 ndi ana 200 okha, pano akudyetsa ana opitilira 1 miliyoni m'Malawi muno, ndipo mukafunsa ahedi m'masukulu amenewo akuuzani kuti kujomba kumachepa makamaka Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikauma.

Komatu phala siliphunzitsa. Limamubweretsa mwana mukalasi ali maso, zinazo ndi za aphunzitsi ndi mabuku, ndipo kalasi ya ana 100 mphunzitsi mmodzi ikhalabe yovuta olo phala litakoma bwanji.

Chimene chimandiwawa ine ndi cha kunyumba. Makolo ena mwana akaweruka amati "iwe wamwa kale kusukulu", nsima ya masana osamusungira. Kapu imodzi ija ndi yongowonjezera, singalowe m'malo mwa nsima ndi ndiwo, kachimbatata kapena nsinjiro mumasamba. Chinanso, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti m'Malawi muno ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo zimenezi zimachitika m'masiku 1,000 oyambirira kuchokera pathupi, ndiye pofika sitandade 1 phala limapeza zambiri zitaonongeka kale. Nkhani imeneyi muziyikambanso ku sikelo.

Za othawa aja, azibambowo sakunamiratu, alipo. Inu onetsetsani kuti phala lizipsa m'mawa asanalowe mukalasi, osati 11 koloko ana aang'ono atatsala pang'ono kuweruka, ndiye pemphani aphunzitsi aziitananso maina ikatha buleki. Amene sakuoneka, a mother group, gulu la amayi loona za ana pasukulu, akawayendere kwawo, ndipo azibambo odandaulawo muwapatse sabata yawo yobweretsa nkhuni.