FBC ikatuluka bwino, kodi m'magazi mulibedi tizilombo?

Achemwali, mwati achimwene anu ku Makanjira akhala akutentha thupi masiku 6, mankhwala a malungo a LA amaliza, FBC (kuyeza kowerenga maselo a m'magazi) yaonetsa WBC (asilikali a m'thupi) 5.2, ndiye mukufunsa ngati m'magazi mwawo mulibe mabakiteriya. Nambala imeneyo siingatsimikizire zimenezo. Chonde abwerere kuchipatala lero lomwe.

FBC siiona tizilombo. Imangowerenga maselo a m'magazi, ndipo kuchokera pamenepo adokotala amaganizira zomwe zikuchitika m'thupi. Kwa munthu wamkulu WBC, amene ndi asilikali a m'thupi, amakhala pakati pa 4 ndi 11. Akadutsa 12 kapena kutsika pansi pa 4 munthu akutentha thupi, pamakhala nkhawa. Koma tayifodi, yomwe ndi matenda a mabakiteriya olowa m'magazi, kawirikawiri imasiya WBC ali pakatikati kapena otsikirapo. Chimodzimodzi kwa okalamba, makanda ndi amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV: thupi limalephera kuchulukitsa asilikaliwo ngakhale matenda ali aakulu. Komanso WBC amakwera popanda mabakiteriya kwa mayi woyembekezera, amene wangobereka kumene, kapena amene akumwa mankhwala a prednisolone.

Choncho onani pepala lonse. Ma neutrophil ndi ma lymphocyte ndi mitundu ya asilikali omwewa: ma neutrophil akachuluka kwambiri pomwe ma lymphocyte atsika, zimaloza ku mabakiteriya. Ma platelet, maselo othandiza magazi kuundana, akatsika pansi pa 150 ndi chizindikiro china, ngakhale kuno kunyanja malungo ndi amene amawatsitsa kawirikawiri. Ngati labu ili ndi CRP, yoyeza kutupa kwa m'thupi, nayonso imathandiza: imayamba kukwera patapita maola 6 mpaka 8, n'kufika pamwamba pakatha masiku awiri, motero yoyezedwa msanga imatha kunamiza. Nayonso imakwera ndi malungo.

Nkhani ya malungoyi ndi imene imapweteketsa anthu ambiri ku Mangochi kuno. Kachipangizo koyezera pachala kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri milungu ingapo munthu atachira, ndipo malungo ndi mabakiteriya amatha kubwera limodzi, makamaka mabakiteriya a Salmonella kwa ana. Munthu amene wamaliza LA koma akutenthabe asangopatsidwa LA wina, afufuzidwe.

Chimene chimagwira mabakiteriyawo ndi kuyeza kotchedwa blood culture. Magazi amathiridwa m'botolo lokhala ndi chakudya cha tizilombo, 8 mpaka 10 ml kwa wamkulu, ochepa kwa mwana, n'kusungidwa pofunda mpaka masiku 5. Mabakiteriya ambiri amamera m'maola 48 oyamba, kenako labu imayesa mankhwala amene angawaphe. Mbali imeneyi ndi yofunika chifukwa kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Queen Elizabeth, amene akhala akuyeza magazi motere kuyambira 1998, anaonetsa kuti tayifodi yosamva amoxicillin, Bactrim ndi chloramphenicol inafala ku Blantyre kuyambira 2011. Si chipatala chilichonse chili ndi blood culture, ndiye funsani, ndipo ngati palibe, adokotala ndi amene aone zowatumiza kwina. Widal yoyezera tayifodi musaidalire, imanamiza kwambiri.

Zimene zimaononga zotsatira n'zodziwika. Choyamba ndi makapusozi ogula pagolosale: munthu akamwa asanatengedwe magazi, tizilombo timatha kulephera kumera m'botolo ngakhale tilipo. Ngati amwa kale, anene dzina lake ndi tsiku, asabise. Khungu likapanda kupukutidwa bwino ndi sipiriti n'kuuma, botolo limameretsa tizilombo ta pakhungu. Kachubu ka FBC ka chivindikiro chapepo kamafunika kutembenuzidwa pang'onopang'ono ka 8 kapena 10, apo ayi magazi amaundana n'kuonetsa ma platelet otsika mwabodza. Magazi otengedwa pamkono wa dilipi amakhala osungunuka.

Koma zotsatira zisakuchedwetseni. Werengani mpweya wawo ndi wotchi kwa mphindi yathunthu. Akamapuma ka 22 kapena kuposa, BP ya pamwamba ikafika 100 kapena kutsika, akamabwebweta kapena kusokonezeka, akamakodza pang'ono, manja ndi mapazi zikazizira, ameneyo ndi wofunika dilipi ndi jakisoni wa mankhwala mwachangu, magazi atangotengedwa, osadikira kuti labu iyankhe. Mimba ikawawa kwambiri n'kuuma gwa, nenani msanga chifukwa tayifodi imaboola matumbo.

Popita anyamule buku lawo la kuchipatala, pepala la FBC lija ndi mapaketi a mankhwala onse amene amwa. Apemphe FBC ina kuti aiyerekeze ndi yoyamba, ayezedwenso malungo pagalasi, mkodzo ndi HIV.