Yankho: PWA ikukana kutseguka mutasamutsa Project Server

Achimwene, mwati mwasamutsa Project Server (pulogalamu ya Microsoft yoyendetsera mapulojekiti) ya ku ofesi kwanu kuno ku Chipata kupita pa seva yatsopano, koma PWA (Project Web App, tsamba lolowera mu Project Server) ikungoonetsa error ndipo anthu akukanika kulowa.

Musathamangire kuika pulogalamu yonse mwatsopano. Yambani mwaona ma update. Seva yatsopano ikakhala pa build (nambala ya update) yotsika kuposa yakale, SharePoint, yomwe Project Server imayendera, imakana kulandira database. Komanso ngati munachoka pa version ya 2013 kulumphira pa ya 2019, vuto ndi lomwelo: njira yake imadutsa pa 2016, ndipo kuyambira pa 2016 zonse za Project zimakhala m'kati mwa content database ya SharePoint.

Chimene ine ndikukayikira kwambiri ndi ma login a SQL Server, pulogalamu yosunga database. Database ikabwezedwa pa makina ena, ma login satsatira okha ayi. Onani ngati service account (akaunti imene pulogalamuyi imayendera) ili ndi chilolezo pa database. Ngati dzina la seva lasintha, ikani SQL alias (dzina lakale lolozera ku seva yatsopano) ndi pulogalamu ya Windows ya cliconfg, muonenso DNS, imene imalumikiza dzina la seva ndi adiresi yake.

Ife kwathu zinatichitikira malaiti atazima backup ili m'kati. Fayilo inaoneka yabwinobwino, chonsecho inali yoduka, tinataya masiku awiri. Yesani RESTORE VERIFYONLY, lamulo la SQL Server loona ngati backup ndi yathunthu, ndipo seva yakale musaifufute kaye.

Tumizani zimene ULS log (log ya SharePoint) ikunena pa correlation ID, nambala imene imabwera ndi error ija, tione limodzi.